Mwana amene savuta

Pali mwana amene tonse timamuyamikira, uja savuta. Salira, sapempha kanthu, sathamangathamanga. Ukamukhazika pamkeka n'kupita kudambo, pobwera umamupeza pomwepo. Amayi ake amati ndi wofatsa, agogo amati adatengera malemu amalume ake, ndipo nkhani imathera pomwepo. Masiku ano mtima wanga ukukhala kwambiri pa mwana ameneyu, makamaka wa ku Chitipa, chifukwa kumeneko zomuchititsa mwana kukhala chete zilipo zambiri, koma anthu oti azisiyanitse ndi ochepa.

Boma limeneli, lomwe kale linkatchedwa Fort Hill, linali ndi anthu pafupifupi 235,000 pa kalembera wa 2018. Ndi anthu ochepa poyerekeza ndi maboma ena, koma ziyankhulo zake n'zochuluka: Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyika, Chinamwanga, komanso Chitumbuka chomwe chimamveka kwambiri cha ku Nthalire ndi Wenya. Mwana wa m'mapiri a Misuku amakula akutumidwa, kudzudzulidwa ndi kutonthozedwa m'Chisukwa kapena m'Chindali. Tsiku lolowa Sitandade 1 amakapeza mabuku a Chichewa ndi Chingerezi. Zakhala choncho kwa nthawi yaitali, chiyambire 1968 pomwe Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko. Ine amene ndikulemba m'Chichewa chomwechi ndiyenera kuvomereza kuti kwa mwana wa zaka 6 wa ku Kameme, chiyankhulo changachi ndi cha alendo. Amakhala pansi, maso tong'o kwa aphunzitsi, osayankha. Aphunzitsi nawo ali ndi chikhamu cha ana, mwinanso kwawo ndi ku Dedza, ndiye amangoti mwanayu mutu wake sugwira. Mwana akamva mawu amenewo kawiri katatu amawakhulupirira, ndipo akatero safunanso kuyesa.

Chete wotereyu amatha mwana akazolowera. Koma amafanana kwambiri ndi chete wina amene satha yekha, ndipo apa ndi pomwe pali vuto. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno ndi opinimbira, ndipo mwana wosadya mokwanira amayamba wasiya kusewera asanayambe kuoneka kuwonda. Wina adakomokapo ndi malungo aakulu, n'kuchira, banja n'kuthokoza Mulungu. Madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre adawatsatira ana oterewa ndipo adaona kuti ena mwa iwo amadzayamba khunyu, kuchedwa kuphunzira kapena kusintha khalidwe patapita miyezi. Wina khutu lidatuluka mafinya kwa nthawi yaitali ndipo samva bwino, koma pakhomo amamuti ndi wamwano. Wina bambo ndi mayi ali ku Nakonde kapena ku Tunduma pa geni, iye adatsala ndi agogo omwe amamukonda koma mphamvu zidawathera.

Ndipo pali mwana amene chete wake adatengera kwa mayi. Mu 2008 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku Thyolo zoonetsa kuti makanda a amayi ovutika ndi nkhawa ndi kukhumudwa ankakhala otsalira pa msinkhu poyerekeza ndi anzawo. Sizidandidabwitse. Mayi amene mtima wake walemedwa amayamwitsa ndithu, amasambitsa, amabereka kumbuyo, koma samuyankhula mwanayo, samuseketsa, samuyankha akamachita tiphokoso take tija. Khanda likaitana kangapo popanda woyankha limaleka kuitana. Anthu odutsa amangoti, mwana wabwino bwanji, salira.

Tsiku la sikelo ndimalikonda. Sikelo imapachikidwa panthambi ya mtengo, mwana amalowetsedwa m'kakabudula kaja, amalendewera akutambalitsa miyendo, mlangizi wa zaumoyo amawerenga muvi n'kuika kadontho m'kabuku. Amayeza mkono ndi kalamba ka mitundu itatu, amayang'ana ngati katemera adakwana. Ntchito imeneyi yapulumutsa ana osawerengeka ndipo sindiipeputsa. Koma mzere ndi wautali, dzuwa likukwera, ndipo nthawi yofunsa kuti kodi mwanayu amacheuka mukamuitana dzina, amaloza zinthu, amaseka ndi anzake, imasowa. Njira yoyezera zimenezi ilipo, yopangidwira konkuno: Malawi Developmental Assessment Tool, yomwe idasindikizidwa mu 2010, imayesa kayendedwe, kagwiridwe ka zinthu, kayankhulidwe ndi kakhalidwe ka mwana pakati pa anzake. Koma sinafike pansi pa mtengo uliwonse.

Tinene kuti wina wazindikira kuti mwana ali ndi vuto. Apita naye kuti? M'zipatala za maboma anamwino a matenda a maganizo amakhala ochepa, ndipo nthawi yawo yambiri imathera pa akuluakulu odwala kwambiri ndi a khunyu. Thandizo lodziwika bwino m'chigawo cha kumpoto lili ku St John of God ku Mzuzu, komwe kulinso malo othandizira ana ochedwa kukula. Kuchokera paboma pa Chitipa kudzera ku Karonga ndi mtunda wopitirira makilomita 300. Msewu wa phula wa Karonga-Chitipa udafupikitsa ulendo, koma sudatsitse mtengo wa minibasi, ndipo wa ku Nthalire ayenera kulimbana ndi matope kaye asanauone phulayo. Za ku Zomba Mental Hospital tisanene n'komwe. Banja limene ndalama yake imabwera kamodzi pachaka, likagulitsa khofi kapena nyemba, silinganyamuke ulendo wotero chifukwa choti mwana sayankhula. Lidzadikira, lidzapita kwa asing'anga kapena kumapemphero, ndipo sindilida, chifukwa amenewo ndi omwe ali pafupi.

Maganizo anga akazungulira chonchi amakafikira kwa munthu mmodzi: mlezi wa pasukulu ya mkombaphala, zija a boma amati sukulu za mmera mpoyamba. Nthawi zambiri ndi mayi wa m'mudzi momwemo. Amaphunzitsira m'tchalitchi, m'chisakasa chaudzu kapena pansi pa mtengo. Zoseweretsa ndi zidole zadongo, zitsekerero za mabotolo ndi mpira wachikulunga. Cha m'ma 10 koloko phala limapsa, ana amakhala pamzere aliyense ndi kambale kake. Mayi ameneyu amayankhula chiyankhulo cha anawo. Amadziwa kuti uyu mayi ake adamwalira mwezi wathawu, uyo kwawo kumamveka ndewu usiku. Amaona amene amakombeza mbale msangamsanga n'kuyang'ana ya mnzake, ndi amene amasiya phala lizizire ali duu. Amadziwa kuti kamtsikana kaja kamene sikayankha m'Chichewa kamalongolola tsiku lonse m'Chindali, pomwe kamnyamata kaja sikayankhula m'chiyankhulo chilichonse. Dokotala wobwera tsiku limodzi sangazione zimenezi.

Komatu mleziyu, mwa onse ogwira ntchito ya ana, ndi amene tamusiya kumapeto. Malawi ali ndi ndondomeko ya mmera mpoyamba kuyambira 2003, ndipo idakonzedwanso mu 2017, koma alezi ambiri akugwirabe mongodzipereka. Amene adachita mwayi adaphunzitsidwa masabata awiri, ena sadaphunzitsidwe n'komwe. Ikafika Januwale, chimanga chomwe makolo adasonkha chimatha, munda wa mleziyo nawo ukufuna kupalira, ndipo sukulu zambiri zimatsekedwa mwakachetechete, m'miyezi yomweyo imene ana amafunitsitsa phala ndi munthu wowayang'ana.

Sindikufuna kuti alezi asanduke madokotala oyamba kutchula matenda pa mwana aliyense wamanyazi. Ana ena ndi ofatsa basi, ndipo ali bwinobwino. Chofunika n'chochepa: mlezi adziwe zizindikiro zingapo zosayenera kudikira, adziwe kuti angamuuze mlangizi wa zaumoyo ndipo amvedwa, adziwe kuti pa nkhani ya nkhanza pali nambala yaulere ya 116. Mwana akamapita ku Sitandade 1, mlezi ndi mphunzitsi akhale pansi ngakhale ola limodzi, auzane kuti uyu samva bwino khutu lakumanzere, uyu Chichewa sanachizolowere koma ndi wochenjera. Zimenezi sizifuna nyumba yamalata kapena chikwangwani cha bungwe. Zimafuna kuti mleziyo akhalepo chaka chonse, ndipo munthu sakhalapo chaka chonse ndi njala.

A khonsolo ya Chitipa, mafumu ndi mipingo, pokambirana za chitukuko chaka chino muyambe mwafunsa kuti mlezi wa m'mudzi mwanu adya chiyani mu Febuluwale.