Phunziro: Ophikira Ena Nawonso Amatopa

Kuwerenga: Marko 6:30-32; Deuteronomo 5:12-15

Cholinga: Ana adziwe kuti Ambuye Yesu amasamala za anthu otopa ndi ntchito.

Mawu kwa Aphunzitsi

Aphunzitsi anzanga, kapena m'kalasi mwanu muli mwana amene bambo ake kapena mayi ake amaphika ku hotela, kaya kunyanja ku Mangochi ndi ku Salima, kaya m'tauni. Makolo otere saoneka kawirikawiri m'tchalitchi. Tisanawatche obwerera m'mbuyo, tiyambe tadziwa ntchito yawo.

Wophika amalawirira mbandakucha kukakonza chakudya cha m'mawa, ndipo masiku ena amaweruka usiku alendo atagona. Amakhala chiimire pafupi ndi moto, ndipo chakudya chikachedwa amakalipiridwa. Pa Sabata ndi pa Khirisimasi, pamene ife tikupuma, ndi pamene ntchito imamuchulukira. Mmodzi akalema nasiya, ntchito yake imagwera otsala. Watsopano akabwera, otsala omwewo ayenera kumuphunzitsa, ndipo posakhalitsa winanso amasiya.

M'chaka cha 2019 bungwe la WHO, loona zaumoyo pa dziko lonse, linafotokoza zizindikiro zitatu za kutopa kotere: kutha mphamvu, kuipidwa nayo ntchito, ndi kulephera kuigwira bwino monga kale. Kumeneku si ulesi ayi.

Taonani m'Marko. Atumwi atabwerako kolalikira, anthu anawachulukira kotero kuti anasowa ndi mpata womwe wakudya. Ambuye sanawadzudzule, koma anawatenga m'ngalawa kunka nawo kwaokha kuti akapume. Lamulo la Sabata nalonso limatchula wantchito pamodzi ndi mbuye wake. Ngakhale lamulo la ntchito la dziko lathu la chaka cha 2000 limaika maola 48 pa mlungu, ndi tsiku lopuma munthu akagwira masiku asanu ndi limodzi otsatana.

Tsono musamuchititse manyazi mwana pamaso pa anzake chifukwa cha kujomba kwa makolo ake. Funsani tsiku limene iwo amapuma, mukawachezere pamodzi ndi mkulu wa mpingo.

Mafunso kwa Ana

1. Kodi atumwi anasowa mpata wochita chiyani?
2. Ndani amakuphikirani kwanu? Mungawathandize bwanji lero kuti apumeko?

Pemphero

Atate wathu, kumbukirani onse ophikira anzawo. Apatseni mpumulo, ndipo mabwana awo muwapatse mtima wachifundo. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.