Za Chiyembekezo ndi Masiku Akulu a Mpingo m'Nyengo ya Mliri

Pali mlandu umene sitinauthe bwino m'mipingo yathu, ndipo tifuna kuubweza pabwalo tsopano pamene mitima yazizira. Pofika nthenda ija ya Covid-19 m'dziko muno m'chaka cha 2020, Akhristu a mudzi umodzi, obatizidwa ndi mbusa mmodzi, anagawanika pakati. Ena anati, Kuleka kusonkhana tsiku la Kuuka kwa Ambuye chifukwa cha chifuwa ndiko kumkana Iye amene anagonjetsa imfa. Koma ena anati, Iyayi, kusonkhana masiku ano ndiko kupha anzathu. Onsewo anatchula dzina la Mulungu, onsewo anati ali nacho chiyembekezo. Ndipo kufikira lero alipo abale amene sapenyana bwino pa Mgonero chifukwa cha mawu amene anaponyerana masiku aja. Ukali wa nthendayo unapita, koma funso linatsala: kodi chiyembekezo cha Mkhristu n'chiyani, ndipo chimuuza kuti achite chiyani pamene belu lilikulira ndi imfa ili pakhomo?

Tiyambe takumbutsana zimene zinachitika, pakuti munthu aiwala msanga. Pa 20 Malichi 2020 Boma linalengeza kuti dziko lili pangozi. Sukulu zinatsekedwa, ndi misonkhano ya anthu opitirira 100 inaletsedwa, ya maukwati, ya maliro, ndi ya mapemphero yomwe. Pa 2 Epulo kunamveka kuti anthu atatu oyamba apezeka nayo nthendayo ku Lilongwe. Ndipo Isitala ya chaka chimenecho inali pa 12 Epulo, atangopita masiku 10. Mipingo ina inagawa anthu ake magulumagulu, ena m'mawa, ena dzuwa litakwera. Pakhomo panaikidwa ndowa ya madzi ndi sopo, ndi moni wa m'manja unaleka. Boma linafunanso kutsekera anthu onse m'nyumba zawo masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, koma Bwalo Lalikulu la milandu linaimitsa zimenezo, anthu atadandaula kuti wosauka amene adya za tsiku lomwelo adzafa ndi njala nthenda isanamfike. Ndipo sitibisa kuti panali china chimene chinaumitsa mitima: anthu anaona makamu osawerengeka alikupanikizana pa misonkhano ya ndale chisanafike chisankho cha pa 23 Juni, nafunsa, Kodi nthenda imeneyi idziwa khomo la tchalitchi lokha? Funso lawolo silinali lopusa.

Chakumapeto kwa chaka odwala anachepa, ndipo ambiri a ife tinati zatha. Tinati ndi nthenda ya anthu a chuma, ya kumizinda, ya oyenda pa ndege. Pa Khrisimasi tinadzaza nyumba za mapemphero, tinaimba ndi mawu onse, tinalandira ana athu ochokera ku Joni ndi kumizinda, tinadya mpunga ndi nkhuku. Mwezi wa Januwale 2021 unatiyankha. Pa 12 Januwale nduna ziwiri za Boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi; m'zipatala mpweya wothandiza odwala kupuma unaperewera; abusa, ansembe ndi aphunzitsi analowa m'manda pamodzi ndi nkhosa zawo. Sitinena kuti Khrisimasi yokha ndiyo inachita zimenezi, ndipo tisalole konse kuti mlanduwo uikidwe pa ana athu obwera kudzaona kwawo. Komatu sitingathe kunenanso kuti nyimbo zathu zinatitchinjiriza.

Tsono tiwamve bwino abale amene anakana kuleka kusonkhana, pakuti m'mawu awo munali choonadi chimene anzeru ena anachinyoza. Kupembedza kwa Akhristu sikuli kwa m'mutu mokha. Mkate wa Mgonero sutumizidwa pa wailesi, ndipo madzi a ubatizo sayenda pa lamya. Munthu wa mumzinda anatha kumva mbusa wake pa foni. Nanga mayi wamasiye wa kumudzi, amene alibe wailesi, amene maso ake satha kuwerenga, amene tsiku limodzi lokha pa sabata amva wina akumtchula dzina ndi kumgwira dzanja? Kwa iyeyo kutseka tchalitchi sikunali kanthu kakang'ono. Amene anati, Mulungu ali ponseponse, khalani kwanu, ananena zoona; koma ambiri a iwo ananena ali m'nyumba yodzala ndi ana ndi mabuku.

Koma abale athuwo analakwa pamene anapitirira nati, Amene alowa m'nyumba ya Mulungu nthenda singamgwire. Apa tiime pang'ono, chifukwa apa pali muzu wa mlandu wonse. Makolo athu pomanga mudzi anali kuitana sing'anga kuti autsirike, ndi mwana anali kumangidwa chithumwa m'khosi kuti choipa chimlambalale. Polowa m'kalasi tinalonjeza kuleka zimenezo, ndipo zithumwa tinataya. Koma mtima wa munthu uli wochenjera: tinataya chithumwa cha mizu ndi kutenga nyumba ya Mulungu kuti ikhale chithumwa chathu. Tinayesa kuti Mulungu ali ndi mangawa kwa ife, kuti popeza tabwera kudzamuimbira, Iye ayenera kutseka njira ya tizilombo touluka m'mpweya wa woimba mnzathu. Owerenga a Uthenga wa Mateyu adziwa kuti Satana anamkweza Ambuye pamwamba pa Kachisi, namuuza kuti adziponye pansi, natchula ndi malembo omwe. Ndipo Ambuye anakana. Taonani kuti chiyeso chimenecho sichinachitike m'nyumba ya mowa, chinachitika pa Kachisi penipeni. Munthu akhoza kumyesa Mulungu ali ndi buku la nyimbo m'dzanja.

Ndiponso Isitala sinatilonjeze kuti sitidzalowa m'manda. Mwini wake wa tsikulo analowamo, nagonamo. Atumwi amene anamuona atauka anafa onse. Chimene tsikulo linena ndi chakuti manda sali mathero a ulendo, ndi kuti Iye amene anatulukamo adzatitulutsa ifenso. Chiyembekezo chotere sichigwa pamene Mkhristu wabwino wamwalira. Koma chiyembekezo cha chithumwa chigwa ndi maliro oyamba. Tinaona ena amene anafuula kwambiri mu Disembala kuti Mulungu sangalole, ndipo atamwalira mkulu wa mpingo wokondedwa mu Januwale, anakhumudwa nasiya kupemphera. Mulungu sanawanamize; anadzilonjeza okha chimene Iye sanalonjeze.

Chomwechonso tinganene za katemera. Mu Malichi 2021 katemera woyamba anafika m'dziko muno, wokwanira kubaya 360,000. Koma panafala mbiri yakuti m'menemo muli chizindikiro cha chilombo, ndipo mu Meyi Boma linatentha 19,610 amene nthawi yake inapitirira asanagwire ntchito. Tichita manyazi povomereza kuti mbiri zina zoterezi zinayenda ndi milomo ya Akhristu. Tinapempha Mulungu atichotsere mliri, ndipo pofika mankhwala tinawathawa.

Nanga amene anakhala kwawo, kodi iwo ayera? Si onse ayi. Mantha adziwa kuvala malaya a nzeru. Analipo amene anaopa tchalitchi Lamulungu, koma tsiku la msika sanaphonye. Analiponso amene potseka chitseko cha tchalitchi anatseka ndi chitseko cha mtima chomwe: nyumba imene munamveka chifuwa inasalidwa monga ya mfiti, panalibe woikako mtsuko wa madzi kapena mtolo wa nkhuni ngakhale pakhomo pokha. Amenewa sanapulumutse mnzawo, anadzipulumutsa okha.

Akhristu akale a dziko lathu lino la Afirika atichititsa manyazi pa ichi. Cha m'ma 260 mliri waukulu unagwa mumzinda wa Alexandria ku Ejipito, ndipo mkulu wa mpingo wa kumeneko, Dionysius, analemba kalata m'nyengo ya chikondwerero cha Paskha imene isungidwa kufikira lero m'buku la mbiri ya Mpingo la Eusebius. Asimbamo kuti anthu akunja anali kutaya odwala awo m'misewu asanafe, koma Akhristu ambiri anasamalira odwala, natseka maso a akufa, nawasambitsa ndi kuwaika, ndipo ambiri a iwo anatenga nthenda namwalira. Sitiuza owerenga athu kuti achite chimodzimodzi m'zonse, pakuti anthu ajawo sanadziwe mayendedwe a nthenda monga tidziwa ife. Chikondi chokhala ndi chidziwitso chisamba m'manja ndi kuphimba pakamwa. Martin Luther anaona mbali zonse ziwiri. Pogwa mliri ku Wittenberg m'chaka cha 1527 anakana kuthawa, nakhala ndi odwala. Koma m'kalata imene analemba nthawi yomweyo anadzudzula amene anyoza mankhwala, nalangiza kuti munthu apewe malo amene safunikako, kuti angapatsire ena. Agogo athu anaona zotere m'chaka cha 1918, pamene fuluwenza inalowa m'midzi nkhondo ya Jeremani ilikutha, ndipo analibe katemera, analibe wailesi yowachenjeza.

Ife alimi tili nacho chifanizo pakhomo pathu. Chaka cha njala, nkhokwe itatha, patsala ngala zochepa za mbewu zopachikidwa pa utsi. Ana alira, ndipo mayi adziwa kuti atasinja ngalazo mphika udzapsa lero, koma sazikhudza. Ndiponso sathamangira kukaziponya m'dothi louma mu Seputembala kuti anthu amtame kuti akhulupirira Mulungu wa mvula; ayembekeza kufikira nthaka itanyowa, pamenepo nakwirira m'dothi chakudya chotsiriza cha m'nyumba mwake. Paulo polembera Akorinto za kuuka kwa akufa anatenga chifanizo cha mbewu yomweyi. Woyembekeza adziwa kudikira, ndipo kudikira kwakeko ndi ntchito: m'masiku omwewo alikulima mizere.

Tsono ngati mufunsa kuti ife tiima pati, tinena poyera. Mpingo umene uchepetsa kapena kuimitsa kusonkhana kwa kanthawi chifukwa cha nthenda yopatsirana sunakane Ambuye wake, ngakhale tsikulo likhale la Khrisimasi kapena la Isitala. Paskha woyamba wa Aisraele sanadyedwe m'khamu. Anadyedwa m'nyumba m'nyumba, usiku, zitseko zotseka, imfa ilikuyenda panja. Ndi madzulo a Isitala yoyamba ophunzira anali m'chipinda chotseka chifukwa cha mantha, ndipo Ambuye anawapeza momwemo. Ukulu wa tsikulo suchokera ku unyinji wa anthu kapena ku malaya atsopano. Koma mpingo wotere ukhala ndi mangawa aakulu koposa kale: ngati nkhosa sizibwera ku khola, akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano ayenera kuzitsata, kuima pabwalo patali pang'ono, kupemphera ndi wamasiye uja ndi kufunsa ngati m'nyumba muli ufa. Kutseka kopanda kutsata ndiko kumene kunapweteka anthu.

Mliriwo unaululanso chinthu china chimene sitinachidziwe. Pamene anthu anauzidwa kuti apemphere m'nyumba zawo, mabanja ambiri anapeza kuti sadziwa kutero. Bambo amene wakhala Mkhristu zaka 30 anatsegula Buku pamaso pa ana ake, lilime nilimuuma. Sanapempherepo mokweza m'nyumba mwake chikwatirire. Ichi si chifukwa cha iye yekha. Ndi chathunso ife aphunzitsi ndi alaliki, amene tinazoloweretsa anthu kuti kupemphera ndi ntchito ya munthu woima kutsogolo. Koma analipo ena amene anayesa, mochita chibwibwi, mwana wa sukulu nawerenga nkhani ya manda opanda kanthu, agogo nayambitsa nyimbo. Ndipo ena a iwo sanaleke mwambowo kufikira lero.

Chotsala ndi cholemera koposa zonse, ndicho maliro. Kwathu kuno munthu safa yekha ndipo saikidwa yekha. Mudzi ugona pa siwa, amayi aimba usiku wonse, adzukulu akumba manda m'bandakucha, abale aona nkhope. M'miyezi ija ambiri anaikidwa mofulumira ndi anthu a zaumoyo ovala zoyera kuyambira kumutu kufikira kumapazi, bokosi losatsegulidwa, abale ataima chapatali. Lamulolo linali ndi chifukwa chake, ndipo sitilitsutsa. Komatu alipo akazi pakati pathu amene amuna awo anaimbira maliro a anthu ena zaka zambiri, koma pa awo panalibe nyimbo ngakhale imodzi. Alipo ana amene sanaone nkhope ya mayi wawo, ndipo mumtima mwawo maliro ajawo sanathe. Pamene tiimirira m'mawa wa Isitala kunena kuti akufa adzauka, anthu amenewa ali pa mabenchi omwewo, ndipo alikumvetsera ngati tikumbukira.

Mu Meyi 2023 bungwe la zaumoyo la dziko lonse linalengeza kuti nthendayo sinalinso ngozi yadzidzidzi ya maiko onse, ndipo ndowa zija zinachoka pamakomo. Mayina a anthu athu ali m'mabuku a mpingo, ndi masiku amene anamwalira. Sichingakhale chovuta kuti pa Isitala ilinkudzayi mlembi wa mpingo awatulutse mayinawo, awawerenge limodzi limodzi pamaso pa anthu, ndipo potuluka mpingo upite ndi amasiyewo kumanda, makasu m'manja, kukalambula mitumbira ndi kuimba nyimbo zimene sizinaimbidwe tsiku lija.