Thupi Limodzi, Maselo Ambiri



Mawu otitsogolera mwezi uno ali pa 1 Akorinto 12, pamene Paulo Woyera akufanizira Mpingo ndi thupi la munthu, ndi pa Salimo 139, pamene wolemba akuzizwa ndi momwe Mulungu adamuumbira m'mimba mwa amayi ake. Tiyambe tawerenga malo awiriwa.

Aliyense wa ife adayamba ngati kanthu kamodzi kochepa kuposa njere ya fodya. Achipatala amakatcha selo. Imapangika mbewu ya bambo ikakumana ndi dzira la mayi, ndipo aliyense amabweretsa theka la malangizo a momwe mwanayo adzakhalire: makromozomu 23 a bambo, 23 a mayi. Tinenerepo apa kuti chosankha ngati mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi chimachokera ku mbewu ya bambo. Ife apongozi tileke kunyoza mtengwa wobereka ana aakazi okhaokha.

Pakapita pafupifupi tsiku limodzi, selo ija imagawika pakati n'kukhala maselo awiri, awiriwo n'kukhala anayi, anayiwo asanu ndi atatu. Isanagawike imayamba yakopera malangizo onse, kuti pasapezeke selo yochoka chimanjamanja. Pofika pa msinkhu wathuwu, thupi limakhala ndi maselo pafupifupi 30 thiliyoni.

Chozizwitsa n'chakuti ngakhale maselowa adalandira malangizo ofanana, sagwira ntchito imodzi. Iliyonse imatsegula tsamba lake lokha. Ena amasanduka mtima, umene umayamba kugunda patangotha masabata atatu, mayi asanatsimikize n'komwe kuti ali ndi pakati. Ena amasanduka mafupa, khungu, maso. Mitundu yake imaposa 200. Maselo ofiira a m'magazi amakhala masiku pafupifupi 120 basi, ndipo m'kati mwa mafupa mumapangidwa ena usana ndi usiku. Tayang'anani dzanja lanu. Poyamba zala zathu zidali zolumikizana ngati phazi la bakha. Maselo a pakati pake adafa pa nthawi yake kuti zala zimasuke, tithe kugwira mthiko ndi kulandira Ukaristia. Nanga si zomwe Paulo ankaphunzitsa, kuti palibe chiwalo chimene chingadzimve kuti chili pachokha?

Selo yabwino imadziwa nthawi yogawika, imadziwanso nthawi yoleka. Koma malangizo aja akawonongeka, pamapezeka selo yosamva. Imangogawika osaleka, kulanda chakudya cha anzake ndi kulowerera malo a eni. Imeneyo ndiyo khansa. Si ufiti. Si chilango cha Mulungu kwa mayi wochimwa, ndipo wonena zimenezi pa siwa amapweteka anamfedwa pachabe.

Khansa imene ikutha amayi ambiri kuno ku Malawi ndi ya khomo la chiberekero. Imayamba ndi kachirombo ka HPV, kamene kamafala m'njira ya m'banja. Kachiromboka n'kofala kwambiri, moti ngakhale mayi wokhulupirika akhoza kukatenga. Mwa anthu ambiri thupi limakachotsa lokha. Mwa ena kamakhalitsa, n'kumasokoneza maselo pang'onopang'ono kwa zaka 15 kapena 20, popanda ululu uliwonse. Kwa mayi amene ali ndi HIV nthawiyi imafupika, ndipo mwayi wodwala ndi waukulu kasanu ndi kamodzi.

Zaka zimenezo ndi chisomo, amayi, chifukwa ndi nthawi yoti matenda agwidwe asanakule. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo maselo osokonekera amaoneka oyera. Akakhala ochepa amawatentha ndi kachipangizo, kawirikawiri tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kwawo. Kuyambira mu 2019 boma likuperekanso katemera wa HPV kwa atsikana, kuyambira a zaka 9. Mphekesera zoti katemerayu amatseka mimba n'zabodza.

Tikudziwa chimene chimatibweza. Ndi manyazi ovula pamaso pa namwino wa msinkhu wa mwana wathu, ndiponso mantha akuti bambo kunyumba anena chiyani. Ena timaona magazi titasiya kale kusamba, kapena tikakhala malo amodzi ndi bambo, koma timangoti zitha zokha. Komatu Paulo akutikumbutsa kuti ululu wa chiwalo chimodzi ndi wa thupi lonse. Timadziwa kusonkha ufa ndi nkhuni mnzathu akamwalira. Tidziwenso kumuperekeza akadali wamphamvu.

Choncho tikupempha amayi apampando m'maparishi onse kuti pa msonkhano wotsatira afunse tsiku limene chipatala chapafupi chimayeza, ndipo tipite awiriawiri, wamkulu atsogole. Amene tili ndi zidzukulu zachitsikana tione m'mabuku awo a kuchipatala ngati adabayitsa. Abambo ansembe tiwapemphe alengeze m'tchalitchi, kuti amuna athu amve okha.

Tipemphere: Atate, Inu amene mudatiumba kuchokera ku selo imodzi, chotsani manyazi ndi mantha mwa ife, limbitsani odwala ndi owasamalira, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.