Khutuba ya Jumu'ah: Mowa ndi Ukalamba wa Munthu

Tikutamanda Allah (Subhanahu wa Ta'ala) amene anatibwereka matupi awa, ndipo tikupempha madalitso ndi mtendere kwa Mtumiki wake Muhammad (swalla Allahu alaihi wasallam).

Inu akapolo a Allah, tonse tikukumbukira Chitima. M'mwezi wa Januwale 2015, anthu 75 anamwalira atamwa pombe pamaliro, chifukwa ufa wofululira unali utaonongeka. Dziko lonse linalira. Koma ndani amawerenga akuluakulu amene kachasu akuwadya mwakachetechete kwa zaka makumi atatu?

Munthu akamakalamba, madzi amachepa m'thupi ndipo chiwindi chimafooka, choncho kapu yomwe ankaipirira ali mnyamata lero imamugwetsa. Chiwindi chimauma ndi zipsera, mimba n'kutupa, maso n'kuchita chikasu. Magazi amathamanga kwambiri mpaka kufa ziwalo. Wodwala shuga akamwa asanadye, amatha kukomoka. Chomvetsa chisoni koposa ndi ubongo: mowa umamana thupi vitamini B1, ndipo nkhalamba imaiwala zimene zachitika m'mawa, imadzaza mipatayo ndi nkhani zopeka, imakwiyira akazi ake popanda chifukwa. Ife timathamangira kunena kuti alodzedwa. Amene ankayenera kuweruza milandu ya pabanja asanduka choseketsa cha adzukulu, ndipo Al-Fatiha yomwe anailoweza ali mwana ikuwasokonekera pakamwa.

Allah anauletsa mowa pang'onopang'ono. Mu Surat Al-Baqarah ndime 219 anaunika kuipa kwake, mu An-Nisa ndime 43 anautalikitsa ndi swala, kenako mu Al-Maidah ndime 90 anautsekeratu, ndipo Maswahaba anaukhuthulira m'misewu ya Madina. Ndi haramu, palibe kukaika.

Nanga bambo athu amene agwidwa kale? Tisawatemberere. Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) analetsa Maswahaba kutemberera munthu amene ankabwera naye kawirikawiri pa mlandu wa kumwa, nachitira umboni kuti munthuyo amakonda Allah ndi Mtumiki wake. Tiwaperekeze kuchipatala, pakuti amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi amatha kunjenjemera, kuona zilubwelubwe ndi kugwa ngati wakhunyu, mwinanso kufa. Ndalama yomwe tinkawapatsa m'manja tiwagulire chakudya. Lachisanu likudzali tikawatenge, adzakhale nafe pamzere.

O Allah, landirani tauba ya akuluakulu athu, chiritsani odwala athu, ndipo tisungireni nzeru zathu kufikira mawu athu omaliza. Ameen. Imirirani tiswali.