Kodi Mkonowo Ngwa Yani?

Aliyense amene adakhalako pa Chinkhoma nyengo yogulitsa fodya akudziwa kuti ntchito yaikulu pamenepaja ndi kudikira. Malole amandanda, mabelo atasanjikizana mpaka pamwamba, eni ake ali pamthunzi kuyembekeza tsiku lawo. Tsono amuna akamadikira, za ndale zikatha, za mtengo wa feteleza zikatha, chotsala ndi mpira basi.

Tsiku lina ndidakhala nawo pagulu lotere. Mkangano udayamba ndi funso lakalekale lija: kodi goloboyi weniweni amene dziko lino lidakhalapo naye ndani? Wina adati tingowerenga zigoli zimene aliyense adachinyitsa. Mnzake adati iyayi, zigoli zimanama, poti goloboyi wa timu yofooka amagwira ntchito yaikulu kuposa wa timu yamphamvu. Posakhalitsa nkhani idakhotera kwa mnyamata wina amene sadali kusewera kamba kovulala. "Kuvulala kwanji kumeneko?" adatero mkulu wina wovala jezi yofiira. "Ana a masiku anowa ndi ulesi, achimwene. Kale munthu ankangomanga bandeji n'kulowa m'bwalo." Pomaliza, monga mwa mwambo, ofiira ndi abuluu adayamba kunyozerana malaya.

Pagulupo padali bambo ena amene sadatsegule pakamwa. Ndidawadziwa ndili mwana. Masiku awo adali goloboyi wa timu ya pa esiteti ina konkuno ku Kasungu, ndipo Lamlungu masana tinkayenda mtunda wautali kukawaona akuuluka pagolo. Lero mkono wawo wamanja suwongoka. Udavulala pa chigongono pa masewero ena, adaumanga nsalu, ndipo pasadathe mwezi ife tomwe tidapita kukhomo kwawo kukawachonderera kuti abwerere, poti kudali chikho. Adabwerera. Chikho tidatenga, tidavina mpaka usiku. Koma kuyambira pamenepo bambowa sangakweze mtengo wa fodya pamwamba pa chigafa popanda wowathandiza.

Funso langa lero, awerengi, ndi ili: kodi ife oonerera, amene sitithamanga, sitigwa, sititupa, tili ndi ngongole iliyonse pa thupi la munthu amene amatisangalatsa? Mkonowo ngwa yani: wa mwini wake, wa timu, kapena wa ife ochemerera?

Kuti funsoli lioneke bwino ndibwereke masewero a eni ake. Ambiri tili nazo zipewa za zilembo NY zimene tidatola pa kaunjika, osadziwa kuti ndi chizindikiro cha New York Yankees, timu ya masewero otchedwa baseball ku America. M'masewero amenewa munthu mmodzi amaima pa kachulu pakati pa bwalo, n'kumaponya kampira kolimba kwa mdani wake wogwira chibonga, amene waima mamita 18 okha. Cholinga chake n'choti wachibongayo aphonye. Akatswiri amaponya pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola, ndipo munthu angathe kuponya motero kokwana 100 tsiku limodzi. Chigongono cha munthu sichidalengedwere zimenezo. M'katimo muli kamtsempha kolumikiza mafupa, kamene kamatha pang'onopang'ono ngati chingwe cha pachitsime, mpaka tsiku lina kuduka. Pa mpira wamiyendo kuvulala timati ngozi. Kwa woponya wa baseball, ntchito yeniyeniyo ndiyo imadya mkono.

Masapota a kumeneko amakangana monga a pa Chinkhoma. Kwa zaka zambiri woponya ankamuyesa ndi chiwerengero cha masewero amene wapambana. Koma m'chaka cha 2010 mphotho ya woponya wabwino koposa mu ligi ina idapita kwa Felix Hernandez wa timu ya Seattle Mariners, amene adapambana masewero 13 n'kugonja 12. Amvulazakale adang'ung'udza kuti munthu wogonja chotere angalandire bwanji ulemu. Ena adayankha kuti panalibe woponya wovuta kumuchinya ngati iye chaka chimenecho, kungoti anzake sankagoletsa. Mlimi wa ku Kasungu sasowa womufotokozera zimenezi. Ku okushoni wogula amadutsa pa belo m'kanthawi kochepa, kuyang'ana mtundu wa tsamba, kutchula mtengo, n'kupitirira. Ng'amba ya mu Januwale saiona, feteleza amene adafika mochedwa samuona, msana wa mayi amene adasoka fodyayo mpaka nkhuku kulira sauona. Nambala sinama, koma imangowerenga zimene munthu watulutsa. Zimene wataya potulutsapo ilibe nazo ntchito.

Apa ndipo pali pogona nkhani. Chimene akulu asankha kuyesa ndi kuyamikira, ndicho ana amachithamangira. Masiku ano m'mabwalo a ku America liwiro la mpira limaoneka pa bolodi nthawi iliyonse munthu akaponya, ndipo nambala ikakwera anthu amakuwa. Mnyamata wofuna kulembedwa amadziwa kuti nambalayo ndiyo chiphaso chake, ndiye amaponya ndi mphamvu zake zonse ulendo uliwonse. M'chaka cha 2024 akuluakulu a Major League Baseball adatulutsa lipoti limene lidati kuthamangira liwiro kumeneku ndiko kukuchulukitsa kuvulala kwa oponya. Palibe sapota amene adagwira mkono wa munthu n'kuupotola. Komabe kukuwa kwa anthu masauzande kuli ndi mphamvu kuposa dzanja. Makolo adanena kale kuti ng'oma yolira bwino sichedwa kusweka, ndipo aliyense akudziwa kuti ng'oma siidziimba yokha.

Taonani anthu atatu. Sandy Koufax wa Los Angeles Dodgers adali woponya woopsa m'zaka za m'ma 1960. Chigongono chake chidagwidwa nyamakazi, ankasewera pobayitsa jakisoni, ndipo akamaliza ankaviika mkono m'madzi oundana. M'chaka cha 1966 adapambana masewero 27, kenaka adalengeza kuti wasiya, ali ndi zaka 30 zokha. Chifukwa chake chidali chosavuta kumva: ankafuna kuti masiku otsala a moyo wake akhale ndi mkono wogwira ntchito. Iyeyu adayankha funso lathu yekha, kuti mkono ngwake.

Wachiwiri ndi Tommy John, wa timu yomweyo. Mtsempha uja utaduka m'chaka cha 1974, dotolo Frank Jobe adachotsa wina ku mkono wamanja n'kuusokera m'chigongono chamanzere, chinthu chimene chidali chisadayesedwepo pa woponya. John adakhala pansi chaka chonse cha 1975, adabwerera mu 1976, ndipo adasewera mpaka 1989 ali ndi zaka 46. Opaleshoni imeneyi lero imatchedwa dzina lake, ndipo yapulumutsa ntchito za anthu ambiri. Koma mankhwala abwino ali ndi chizolowezi choipa: amachotsa mantha. Anthu adayamba kuona chigongono ngati sipoko ya njinga, yoti ikaduka mungoikapo ina, mwakuti masiku ano ngakhale anyamata a ku sekondale akumachitidwa opaleshoni yomweyi.

Wachitatu ndi Stephen Strasburg wa Washington Nationals, amene adachitidwa opaleshoniyo mu 2010. M'chaka cha 2012 timu yake idali patsogolo pa onse, chikho chili pafupi, koma mu Seputembala akuluakulu a timuyo adamukhazika pansi ali bwinobwino, ati pofuna kusunga mkono. Masapota ambiri adapsa mtima. Timuyo idatuluka m'ndime yoyamba yomwe, ndipo okwiyawo adati taonani zimene tinkanena zija. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, mu 2019, Nationals idatenga chikho chachikulu cha World Series, Strasburg ndiye adasankhidwa wosewera bwino koposa, ndipo enawo adatinso taonani zimene tinkanena zija. Pambuyo pake thupi lidakanabe, mpaka adasiya mu 2024. Ine ndikuti mbali zonse ziwiri zidaphonya. Onsewo ankayesa chiganizocho ndi chikho, wina cha lero wina cha mawa, monga mlimi wopumitsa ng'ombe kuti idzakoke bwino ngolo chaka chamawa. Kumukhazika pansi kudali koyenera tsiku lomwelo, chikho chibwere chisabwere, chifukwa mkonowo uli ndi mwini wake amene adzakhala nawo chikho chitachita dzimbiri.

Ndikudziwa wina anena kuti: "Nanga adamukakamiza ndani? Wosewera ndi munthu wamkulu, amasankha yekha, ndiponso amalandira ndalama." Mawuwa ali ndi nzeru, sindingawataye. Munthu ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito thupi lake pa chimene akuchikonda, ndipo ambiri mwa osewera akale mukawafunsa amati atabadwanso angasewerenso. Dziko lopanda anthu olimba mtima otere lingakhale lozizira. Koma tifunse kuti kusankhako kumachitikira pati. Mnyamata wa zaka 22, mudzi wonse uli pakhomo pake, kochi akumuyang'ana, mnzake wofuna malo ake akutenthetsa kale thupi, ndipo akudziwa kuti akakana mawa adzamutcha wamantha. Ameneyo akavomera, tingati mawuwo ndi ake okha? Tenanti nayenso ankati wasankha yekha kupita ku esiteti, koma tonse tikudziwa kuti njala ndiyo inkasaina. Kunena za ndalama, Strasburg adalandira mamiliyoni a madola. Goloboyi wathu uja adalandira sopo ndi kunyamulidwa pamapewa. Pa bwalo la kumudzi chipatala chonse ndi botolo la madzi ndi mawu akuti dzuka ndiwe mwamuna.

Tsono tibwere ku malaya aja. A Yankees salemba dzina la wosewera kumsana kwa jezi, amangolemba nambala, ngati kunena kuti anthu amapita koma nsalu imatsala. Kuno kwathu ngakhale dzina la timu limasintha ife osasuntha. Maule adakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, kenaka Nyasa Big Bullets. Manoma adakhalapo Yamaha, Limbe Leaf, Telecom, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Wa ku Kasungu aonepo bwino apa: Limbe Leaf ndi kampani yogula fodya, Nyasa ndi yopanga ndudu, kutanthauza kuti thukuta la m'minda yathu ino lidafikapo pa malaya onse awiri, ofiira ndi abuluu omwe. Osewera asintha, makochi asintha, maina asintha, chotsala ndi mtundu wa nsalu. Ndipo wosewera amene tinkamuimbira dzulo akangovala mtundu winawo, timamukuwiza ngati mbala.

Sindikunyoza chikondi chimenechi. Nsalu yofiira kapena yabuluu imakhazika pamodzi Mchewa, Mtumbuka, Mlomwe ndi Myao, tenanti ndi kalaliki, zimene andale akhala akulephera. Bambo amasiyira mwana wake timu ngati munda. Zonsezi n'zabwino. Vuto langa ndi limodzi: nsalu simva kuwawa. Jezi ikang'ambika telala amaisoka, mawa wina waivala. Tikaika mtima wathu wonse pa nsalu, munthu wa m'katimo amasanduka mtengo wongokolekapo malaya, ndipo ukathyoka timangofuna wina.

Ngongole yathu ndiye ndi yotani? Sindikunena kuti tileke kuchemerera, kapena kuti tileke kukangana za yemwe adaposa mnzake. Mikangano imeneyo ndi ndiwo za moyo. Ndikungoti munthu akanena kuti akumva kuwawa timukhulupirire, poti wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Tikamayesa wosewera tiwerengenso zimene adalipira, ndipo amene wasankha kupuma kuti achire tisamuyese wochepa kwa amene adadzipha pofuna kutikondweretsa. Makomiti a matimu, kuyambira a Super League mpaka a m'midzi, pogawa ndalama za pachipata kapena za chikho apatulepo ya wovulala asadagule yunifomu yatsopano. Ndipo ife amene tidadyerera luso la munthu tizimudziwabe atavula jezi. Amene adavina nawo pachikho asathawe pomanga chilonda.

Dzuwa litapendeka pa Chinkhoma paja, lole ina idasowa anthu otsitsa mabelo, gulu lonse lidanyamuka. Bambo aja adaimirira nawo, adafika pa belo, adaligwira ndi dzanja lamanzere, n'kubwerera m'mbuyo kuti anyamata adutse. Mkulu wa jezi yofiira uja adawayang'ana, kenaka adandinong'oneza kuti, "Kodi madalawa mkonowo adatani?" Ndidatsegula pakamwa kuti ndimuuze kuti adavulala pa mpira. Koma ndidakumbuka kuti tsiku lija, pa anyamata amene adapita kukhomo kwawo kukawachonderera, amene adagogoda chitseko ndidali ine.