Tsankho Limene Sitiliona

Kodi munthu angakondere popanda kudana ndi wina? Inde angathe. M'chaka cha 1971 Henri Tajfel anafalitsa zimene anapeza pa anyamata a sukulu ku Bristol. Anawagawa m'magulu awiri mwachisawawa, nawauza kuti agawire anzao timphotho ta ndalama. Anyamatawo sanadziwe maina a olandira, anangodziwa gulu lao; komabe ambiri anapatsa zochuluka a gulu lao. Panalibe ndewu kapena mangawa. Mau akuti "ife" ndi "iwo" anakwanira.

Vutoli limakula pamene gulu lina lichuluka. Ochulukawo saona cholakwa, pakuti chilankhulo chao ndi miyambo yao ndizo zimamveka ponseponse. Ochepa ndiwo amamva kuwawa. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pa Machitidwe 6 tiwerenga kuti akazi amasiye a Ahelene ankaiwalika pogawa chakudya. Atumwi sananyozere dandaulolo. Mpingo unasankha amuna 7, onsewo a maina a Chihelene, kuti ayang'anire ntchitoyo.

Aphunzitsi, yang'anani m'kalasi mwanu. Ndani amene mumamloza kawirikawiri kuti ayankhe? Nanga mwana wobwera uja, amene Chichewa chimamvuta, mudampempha liti kuti ayambitse nyimbo? Mpempheni Sabata likudzali.