Kalahari ndi Nkhani ya Mjigo

Tikamva za chipululu cha Kalahari timaganiza za mchenga wokhawokha, koma dera limeneli, lomwe ndi pafupifupi masikweya kilomita 900,000 m'maiko a Botswana, Namibia ndi South Africa, limamera udzu ndi mitengo yaminga. Chakumpoto kwake mvula imapitirira mamilimita 500 pachaka. Vuto ndi nthaka: mvula ikagwa, mchenga umameza madziwo pompopompo, pamwamba n'kutsala gwa. Ngakhale mtsinje wa Okavango wochokera kumapiri a Angola sufika kunyanja, umangomwazika m'madambo n'kuthera momwemo.

Anthu a mtundu wa San akhala m'derali zaka masauzande ambiri. Ankafinya madzi m'mavwende akuthengo ndi m'mizu, ena n'kusunga m'zigoba za mazira a nthiwatiwa zokwiriridwa mumchenga. Ludzu lomwelo ndilo linkatchinjiriza dzikolo, poti ng'ombe sizikanatha kukhalamo chaka chonse.

Ine ndimaona kuti chimene chasintha Kalahari kwambiri ndi mjigo. Paliponse pamene aukumba, ng'ombe zimaunjikana, udzu umatha mpaka fumbi lokha kobo, kenako pamamera zitsamba zaminga zimene ng'ombe sizidya. Pofuna kuteteza msika wa nyama ku Ulaya, boma la Botswana linamanganso mipanda yawaya yoletsa kufala kwa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe. Pa chilala cha 1983, nyumbu masauzande ambirimbiri zinatsatira mipandayo posaka madzi, n'kukafera kufupi ndi nyanja ya Xau.

Ndiye pali nkhani ya kumalo osungirako nyama zakuthengo a Central Kalahari Game Reserve. Mu 2002, posamutsa a San, boma linatseka mjigo wa ku Mothomelo. Linati kuwapatsa sukulu ndi chipatala n'kosavuta kumidzi yatsopano ngati New Xade, komanso kuti nyama zikufunika chitetezo. Mfundo ya sukuluyo ndi yomveka ndithu. Koma ya nyamayo sindiimvetsa: anthu amene anakhala ndi nyamazo mibadwomibadwo ndiwo anasanduka chiopsezo, pomwe mgodi wa dayamondi wa ku Gope, m'kati mwa malo omwewo, unadzaloledwa.

Khoti lalikulu linagamula mu 2006 kuti kusamutsako kunali kosemphana ndi malamulo. Anthu anabwerera, koma mjigo unakhalabe wotseka, moti ankakatunga madzi kutali kunja kwa malowo. Mpaka mu 2011 m'pamene khoti la apilo linawalola kuutsegula.